Mwala Umene Unamwa Madzi

Mayi Kikue anakwatiwa m'mudzi mwathu chaka chimene chipale chofewa chinagwetsa denga la sukulu. Amuna awo, bambo Sadaji, ankakumba miyala yonolera m'phiri la kuseri kwa mikungudza. Bambo ankatsitsa miyala, mayi n'kumaidula, kuisalaza ndi kuiyesa. Mwala umene wakhoza ankaudinda chidindo chofiira cha banjalo. Akalipentala ndi ometa a mumzinda wa Kyoto ankachita kuidikirira miyezi.

Miyala ya kufakitale itachuluka, mgodi unatsekedwa ndipo nsungwi zinamera pakhomo pake. Bambo Sadaji anamwalira ndi chifuwa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Naoto, n'kuti atapita kale ku Osaka kukagwira ntchito ya muofesi. Miyala yonse inali itapita ndi ogula. Kachidutswa kamene mayi anasunga kukhitchini kanaperepeseka ndi mipeni mpaka kanathyoka. Sankadandaula, koma kawiri konse anandiuza ine woyandikana nawo nyumba kuti akulakalaka atagwiranso mwala umodzi wokha umene amuna awo anautsitsa pamsana.

Anthu ankabwerabe ndi miyala yawo kuti mayi awauze ngati ndi ya m'phiri kapena yopanga. Iwo ankautembenuza mwalawo n'kuyang'ana khungu la phiri, mbali yokhakhala imene siisalazidwa, kumsana kwake, kenako ankadontheza madzi. Wa m'phiri sumwa, madzi amangokhala pamwamba ngati mame patsamba. Wopanga umamwa msangamsanga, mwina n'kumatulutsa timathovu. Akatero ankanolerapo pang'ono n'kununkhiza matope ake. Ankati a m'phiri amamveka fungo la mkati mwa mgodi.

Mpunga utakololedwa, chaka chimene mayi Kikue anakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, kunabwera phukusi lochokera ku Osaka. Ndinali pakhonde pawo, ndikuwathandiza kupachika zipatso za kaki kuti ziume. M'phukusimo munali mwala wachikasu, wosalala, wokhala ndi chidindo chofiira chija. M'kalata Naoto analemba kuti anaufunafuna chaka chathunthu pa intaneti, ndipo wasangalala kuti wabweza bambo ake kunyumba.

Mayi sanaudontheze madzi. Anauika pafupi ndi chithunzi cha amuna awo, pamene amafukizapo lubani m'mawa uliwonse. Unakhala pamenepo masiku atatu. Nditawafunsa ngati sauyesa, anati ndili ndi phuma ngati wogula wa m'tauni.

"Maso anga aona kale," anatero. "Mtundu umodzi ponseponse ngati tofu, chakudya cha soya chija. Phiri silipanga choncho. Koma ndisiye ndikhale nawo kaye."

Tsiku lachinayi kunacha ndi chisanu choyamba. Anatulutsa mwala uja padzuwa, naviika chala m'kapu n'kudontheza. Dontho linalowa tisanaphethire n'komwe. Anadonthezanso, nalonso linalowa. Munthu wina kwinakwake anali atasema chidindo chofanana ndi chawo. Mayi anaununkhizabe mwalawo, kenako anaupukuta ndi malaya awo.

Ndinawauza kuti palibe chifukwa chomuuzira mwanayo, angomuthokoza basi. Anati zaka makumi asanu sananamizepo munthu za mwala, ndipo sangayambire pa mwana wawo. Komabe ndinaona kuti akuopa. Naoto ndi wamanyazi ngati bambo ake, akalakwitsa amasowa. Atalephera mayeso a kukoleji anatha zaka zitatu osaponda kuno.

Anamuimbira masana, pa nthawi yake yopuma. Makutu awo anali atayamba kuvuta, choncho foni inali yokweza ndipo ndinkamva zonse. Anayamba ndi kuthokoza, n'kufunsa za ana ake, n'kunena kuti kaki wabereka kwambiri chaka chino. Kenako anati, "Naoto, mwala wako uja wamwa madzi."

"Wamwa? Ndiye kuti ndi wabwino eti, amayi?"

Mayi anatseka maso. Mwana wobadwira m'nyumba ya fumbi la miyala sankadziwa zimene mwana aliyense wa m'mudzi muno ankadziwa kale. Iwo ndi amuna awo ndiwo ankamuthamangitsa pamalo odulira miyala kuti akawerenge, asadzafe ndi chifuwa.

"Si wa bambo ako," anatero pang'onopang'ono. "Koma sunalakwe iwe. Sitinakuphunzitse."

Pafoni tinkangomva anthu akuyendayenda muofesi.

"Ku mgodi kuja zidutswa zikadalipo, pansi pa nsungwi," anapitiriza mayi. "Ine miyendo inakana. Ubwere chipale chisanatseke njira, ukandinyamulire chimodzi. Ndidzakuonetsa mmene amadonthezera."

Naoto anafunsa ngati nsapato za kuphiri za bambo ake zikadalipo. Mayi anati zilipo, koma mbewa zinadya zingwe.

"Ndibwera nazo zingwe," anatero Naoto.

Sanatchule tsiku. Masamba a m'phiri afiira tsopano, ndipo basi ya ku Kyoto imafika kawiri patsiku. Ikamalira pa mlatho, mayi Kikue amasiya chimene akuchita n'kutuluka pakhonde.