Mlakatuli amene anapha mayi ake pa wailesi

Mnyamatayu tinakulira limodzi ku Chiromo, nyumba zathu zinali zoyang'anizana. Nzeru anali nazo, pamenepo sindingamunamizire. Tili ku sekondale ankalembera anzathu ndakatulo zofunsirira atsikana, ndipo zina zinkagwiradi ntchito. Atamaliza sukulu analowera ku Blantyre, ine n'kuyamba kuphunzitsa pa pulayimale ina ku Ndamera.

Posakhalitsa tinamva kuti ndi mkonzi wa kamagazini ka ndakatulo. Ndinamutumizira yanga imodzi. Inatulukadi, koma mawu onse a Chisena atawazula ngati udzu m'munda wa mpunga. Nditamuimbira foni anati, "Achimwene, owerenga athu ndi a m'tauni, zakuchigwazi sangazimve." Munthu woti mpaka Fomu 4 ankalota m'Chisena!

Chaka chimene mtsinje wa Ruo unasefukira n'kukokolola mudzi wathu, iye anali ku Blantyre, nsapato zake zili gwa, zouma. Koma ndakatulo imene inamutchukitsa inali ya madzi omwewo. Ankati anakakamira mumtengo wa mango, akuona mayi ake omubereka akupita ndi madzi. Anailakatula pa wailesi mawu akunjenjemera, anthu n'kumaimba foni kumupepesa. Mayi akewo anaimvera pamsasa wa anthu othawa madzi, akusenda mbatata. Anangofunsa kuti, "Kodi ine ndinafa liti?"

Kenaka bungwe lina linabwera naye kumsasako kuti adzatonthoze anthu. Ine ndinalipo, ndinapita kukaona abale anga. Anatsika m'galimoto atavala jekete lakuda ndi mpango m'khosi, dzuwa la kwathu lija loti ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa ngolo. Wojambula zithunzi anali pambuyo pake. Mlakatuliyo ankaganiza kuti mayi ake ali kwa achibale ku Nsanje. Anayamba kulakatula bwinobwino, dzanja lili pamtima, maso atatsinzina. Atafika pa ndime ya mtengo wa mango, mayiwo anadzuka pamphasa.

"Iwe, mango wake utiwo? Pakhomo pathu panali mgwalangwa wokha. Ukanaukwera iwe, ndi mantha akowo?"

Msasa wonse unafa ndi phwete. Mkulu wa bungwe lija, mayi wa magalasi, ananong'oneza mlakatuliyo kufunsa kuti amenewa ndi ndani. Ndinali pafupi, ndinamva ndi makutu angawa.

"Ndi azakhali anga," anatero mlakatuliyo. "Mutu wawo sukuyenda bwino chichitikire ngoziyi."

Mayi wa magalasi anagwedeza mutu mwachisoni, n'kuuza wojambula kuti awajambulenso azakhaliwo.

Pomwe galimoto inkati izinyamuka, mayi ake anamubweretsera mbatata zophika m'kapepala ka pulasitiki. Analandira ndi nsonga za zala, osawayang'ana kumaso, n'kupatsira dalaivala.

Ndakatuloyo inadzalowa m'buku lake loyamba, osasinthamo ngakhale liwu limodzi. Pachikuto analemba kuti bukulo ndi lokumbukira malemu mayi ake. Malemuwo anamanga kanyumba kumtunda, ndipo mpaka lero amagulitsa makakana ouma pamsika. Ndikadutsa amandiitana, "Aphunzitsi, bwerani mugule nsomba kwa mzukwa."