Ulalo wa Anamalata

Ndikukumbukira tsiku limene ine ndi achemwali anga a Esinati tinatumidwa kuchigayo, kutsidya kwa mtsinje. Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zitatu. Mphale imene tinasenza inali yomaliza m'nyumba, ndipo amayi anatichenjeza kuti ufa ukanyowa tisabwereko.

Chigayocho chinali cha dizilo, chaphokoso loti anthu ankalankhulana ndi manja. Titagayitsa, achemwali anachigogoda ndi ndodo mpaka mwini wake anawathamangitsa. "Ufa wathu watsalira m'mimba mwakemo!" anakuwa motero, nsidze zili mbuu.

Pobwerera, mvula inatipeza pakati penipeni pa ulalo. Ulalowo unali mitengo itatu ya bulugamu, yoterera ngati therere. Kubwerera kosatheka, kuthamanga kosathekanso. Achemwali anavula diresi n'kuphimba dengu, iwo n'kutsala ndi kapitikoti kong'ambika. Azimayi amene ankathawa mvula kumadimba anaseka mpaka kugwira nthiti, ine n'kuseka nawo.

"Sekani!" anatero achemwali, mano akugundana. "Ndikadzalemera ndidzafolera ulalo uno ndi malata!"

Ufa unafika wouma, kupatula pamwamba pamene panachita kaphala. Amayi anawakwapulabe chifukwa cha diresi, ndipo mudzi wonse unayamba kuwatcha Anamalata.

Achemwali sanalemere. Anaikidwa m'manda chaka chatha, ine ndikuonera pafoni kuno kutsidya kwa nyanja, ku Lawrence, kumene ndimakhala ndi mwana wanga Tiyamike, nesi. Mwezi watha, poona kuti ndangokhala duu, ananditenga pagalimoto kukaona chigayo chakalekale choyendera madzi. Gudumu lalikulu likuzungulira mwaulemu, dizilo palibe, koma fungo la ufa lomwe lija. Pambali pake panali ulalo wofiira, wa denga ndi makoma ngati nyumba.

"Anafolera kuti ufa usanyowe," ndinatero.

"Ayi amayi, alemba apa kuti denga limateteza matabwa kuti asaole."

"Olembawo sanasenzepo dengu."

Masiku ano ufa timagula wa m'pulasitiki kusitolo ya ku Lafayette Road, n'kuuponya kumbuyo kwa galimoto. Sudziwa mvula, ndipo palibe amene amauvulira diresi. Tsiku limene tinapita kuchigayo chakale chija, mvula inkawaza pang'ono. Ndinalowa mu ulalomo ndekha, ndinaima pakati penipeni, madontho akugogoda padenga, mutu wanga osanyowa ngakhale pang'ono.

"Anamalata," ndinatero chapansipansi, "eni kuno anakutsogolerani kufolera ulalo, koma ine sindisekanso."