Wotchi Yoyezedwa pa Mkono Wanu

Atate, lero ndi tsiku limene munatisiya, ndipo ndikukumbukira Loweruka lija tinapita ku Ndola kukasankha wotchi yodula ya tsiku langa lolandira digiri. Ndinali nditawerenga zambiri, choncho m'sitolo ndinayamba kukufotokozerani za galasi losakalika ndi chitsulo chosachita dzimbiri. Munandimvetsera mpaka kumapeto, kenako munauza wogulitsa kuti, "Mpatseni imene wanenayo. Ndinamutumiza ndekha kusukulu kuti azidzalankhula chonchi." Kuti ndisamve mtengo, munandituma kukayang'ana basi ya ku Kitwe. Wogulitsa atafuna kuyeza lamba wake wachitsulo, ine kunalibe, ndiye munapereka mkono wanu, mkono wa munthu wa mu mgodi.

Mpaka pano wotchiyo imanditsetserekera kuchikhatho. Dzulo wokonza mawotchi wa ku Bulangililo, poisintha batire, anati, "Bwana, ndichotsepo timphete tiwiri kuti izikukwanani." Ndikudziwa kuti ananena zoona, ndipo wotchi singawonongeke ndi zimenezo. Ndinamuuza kuti aisiye choncho. M'nyumba muno mulibenso chinthu china chimene chinasunga kukula kwa mkono wanu.