Masiku 32 Oziziritsa Mtima

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Nditafika ku Pretoria zaka za m'ma 1990 zikupita kumapeto, achimwene anga, amene ankagwira ya m'gadeni ku Laudium, anandipezera ntchito ya m'nyumba kwa amwenye ena ogulitsa nsalu. Tsiku loyamba anandichenjeza: "Mlongo, kuno si ku Balaka. Pakamwa pakopo uzipasiya pageti." Ndinavomera ndithu, koma panalowa nane mpaka kukhitchini.

Kumudzi ndinasiya mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi m'manja mwa mng'ono wanga. Ndinamulonjeza kuti ndikangopeza ndalama ya makina osokera ndibwerako msangamsanga, tizikhalira limodzi.

Patatha miyezi ingapo madamu anandilembera kalata yokatsegulira buku kubanki. Tinapita m'tauni Loweruka m'mawa, achimwene atavala jekete ngati ndalamazo n'zawo. Pakauntala panali mtsikana wa ku Mamelodi wa zikhadabo zofiira, zazitali moti ndinkadabwa kuti cholembera amachigwira bwanji.

"Mama, njira zilipo ziwiri," anatero. "Pali fikisidi. Mumatsekera ndalama chaka chathunthu, chiwongoladzanja chake n'chonona, koma mukazifuna pakatikati timakudulani mpaka mulire. Ndiye pali ya notisi. Chiwongoladzanja n'chocheperako, koma mukazifuna mumangotiuza, n'kudikira masiku makumi atatu ndi awiri."

Achimwene anandigunyuza ndi chigongono. "Fikisidi, mlongo. Iwe ndimakudziwa. Ukangokangana ndi munthu uzitapa zonse n'kukakwera basi."

"Aa! Ndalama zanga zomwe andimangire chaka chonse? Ndinaba?"

Ndinasankha ya notisi, makamaka pofuna kuwaonetsa achimwenewo kuti thukuta ndi langa.

Komatu ankandidziwadi. Miyezi itatu isanathe, madamu anati ndawotcha nsalu yawo yapaukwati ndi simbi, chikhalirecho anawotcha okha akucheza pafoni. Ndinavula epuloni, kukwera takisi, mpaka pakauntala paja. "Notisi! Zonse! Ndikupita kwathu!" Mtsikana uja analemba osafunsa kanthu. Sabata yoyamba ndinkatsuka mbale mozigundanitsa kuti nyumba yonse imve. Yachiwiri ndinayamba kuyankha akandipatsa moni. Yachitatu madamu anandibweretsera mamita anayi a nsalu yamaluwa, osatchula za simbi ija, inenso osatchula. Pamene masiku ankakwana ndinali nditaiwala kuti ndinakwiyira chiyani kwenikweni. Ndalama zinatuluka, ine n'kuzibwezera momwemo tsiku lomwelo.

Kachiwiri chinali chisanu cha mu Julaye, chimene chinanding'amba milomo ndi zidendene. Kachitatu anali agogo a m'nyumbamo, amayi awo a bwana, amene anandibwezera roti, timikate tachimwenye topyapyala, katatu ati si zozungulira. Anatukula imodzi m'mwamba n'kufunsa ngati awa ndi mapu a kwathu. Zinandiwawa chifukwa inkafananadi.

Mtsikana wa zikhadabo uja anafika pondizolowera. Akangondiona pamzere nkhope ili gwa, ankayamba kusolola fomu. "Eish, Mama, lero akutani?" Ine n'kumuthira nkhani yonse, apamzere kumbuyo akung'ung'udza. Kunena zoona, akauntiyo inandisungira ntchito kuposa mmene inandisungira ndalama.

Zaka zinkapita. Ya makina inakwana kalekale, koma ndinati ndionjezere ya malata. Ya malata itakwana ndinati nanga simenti. Achimwene, ndi fikisidi yawo ija, anali atamanga kale nyumba ya njerwa zootcha kumudzi, ndipo chithunzi chake ankayenda nacho m'thumba la malaya ngati chiphaso. Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ankachisolola. "Waona, mlongo? Iyi ndi ntchito ya munthu woleza mtima. Iwe ndalama zako zimangolowa ndi kutuluka ngati nkhuku m'khitchini."

Chaka chachisanu ndi chiwiri ndinagonja. Ndinati chabwino, nditsekere chaka chimodzi chokha, chomaliza, kenako ndizipita. Achimwene anasangalala mpaka anandigulira chipisi cha nkhuku. Tinapangana Loweruka.

Lachisanu lake dalaivala wina amene ankatinyamulira katundu wopita kumudzi anandisiyira kalata pageti. Chaka chilichonse ndinkatumiza nsapato za mwana, ndipo chaka chilichonse mng'ono wanga ankandiyankha kuti zachepa, apatsa wa aneba. Ulendo uno ndinali nditamuuza kuti asandivutitse, amuimike mwanayo papepala, azungulize phazi ndi pensulo, anditumizire. Kalatayo ndinangoiponya m'chikwama chifukwa kunyumba kunali alendo.

Ndinaitsegula tili pamzere kubanki. Linali tsamba la m'kope la kusukulu, ndipo phazilo analijambula mopingasa chifukwa mowongoka silinakwane. Ndinaseka kaye. Ndinati mng'ono wangayu wayamba nthabwala, wajambula lake. Koma m'kati mwa phazilo munali malemba aang'ono okongola, a dzanja limene sindinkalidziwa: "Amayi, zakuda za zingwe."

Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Ndinaika pepalalo pansi, pa matailosi a banki, kuvula nsapato, n'kupondapo. Mlonda anayamba kusendera. Chidendene changa chinakhala pamzere wa chidendene, chala chachikulu pamzere wa chala chachikulu. Silinatsale, silinapitirire. Ine m'mutu mwanga ndinkagulirabe nsapato kamwana kaja kamene ndinakasiya kakulira pa siteji ya basi. Ndinachita manyazi, kenako ndinachita mantha.

Titafika pakauntala achimwene anayamba ndi iwo, mwamatama. "Lero mlongo wanga wakula. Mpatseni ya fikisidi, chaka chimodzi."

"Notisi," ndinatero ine. "Zonse."

"Iwe! Tinagwirizana chiyani? Nanga chiwongoladzanja chija?"

Sindinakangane nawo, mwina koyamba chibadwire. Ndinangowapatsa pepala lija. Analitembenuza uku ndi uku.

"Phazi la ndani limeneli?"

"La mwana wanga."

Analiyang'anitsitsanso phazilo. Kenako analipinda bwinobwino, kundibwezera, n'kuuza mtsikana uja chapansipansi kuti alembe zimene ndanenazo.

Masiku makumi atatu ndi awiri amenewo ndinadikira kuti mtima uzizire monga unkachitira nthawi zonse. Madamu anati andikweza malipiro. Agogo aja mpaka anayamikira roti zanga, bodza lenileni. Sabata yoyamba inadutsa, yachiwiri, yachitatu, koma m'mawa uliwonse ndinkadzuka ndikufunabe kwathu kuposa dzulo lake.

Ndalama zitatuluka ndinagula makina aja ndi tikiti ya basi, kenako ndinalowa m'sitolo ya nsapato ku Marabastad. Ndinaloza zakuda za zingwe, zasukulu. Mwini sitolo anafunsa kuti mwanayo amavala namba yanji.

Ndinakhala pabenchi n'kuvula zanga. "Bweretsani ndiyese ine."