Chingerezi Chonong'ona

Kwathu ulendo sauza munthu. Lamulo limeneli bambo anga anabwera nalo kuchokera ku Malawi pamodzi ndi bulangete limodzi. Bulangetelo linatha kalekale, koma lamulo likadali lolimba muno mu Bindura. Munthu wa kwathu akamapita kutali amati akungofika apa, ndipo mumadziwa kuti anachoka akaimba foni ali kale tsidya la nyanja. Amati ukaulula ulendo usananyamuke, anthu a nsanje amakutsekera njira, pasipoti n'kusowa, mwendo n'kutupa. Ine miyendo yotupa ndaiona yambirimbiri, ndipo eni ake sankapita kulikonse. Koma ndani angamvere nkhalamba yomwe inathawa sukulu ili Sitandade Fili?

Ndili ndi mdzukulu wamkazi, mwana wa mwana wanga wachisamba. Mwa adzukulu onse ndi yekhayo amene amandiyankha m'Chichewa, enawo amangogwedeza mutu n'kuyankha m'Chishona. Anaphunzira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba, ndipo anapeza malo ku Mangalande, kunyumba ina yosungirako nkhalamba zomwe ana awo atopa nazo. Eni nyumbayo anati malowo amusungira mpaka chakumapeto kwa chaka, nthawi yomwe kuno mvula imayamba, koma atumize kaye satifiketi yoonetsa kuti amadziwa Chingerezi. Taganizani. Mwana woti waphunzira m'Chingerezi kuyambira ali ndi mamina m'mphuno, woti amatiwerengera tonse zolembedwa pa mabotolo a mankhwala, akalipire kuti mlendo amuuze kuti amadziwa chimene amadziwa.

Amayi ake, mwana wanga uja, anaitana mphunzitsi wina wa m'dera lathu lino la Chiwaridzo, bambo wa tayi ndi mimba, amene amaphunzitsa za mayesowa m'galaja. Iye mwini ndege amaionera m'mwamba ngati ife tomwe, koma khomo la dziko lililonse amalidziwa. Atalowa, mwana wangayo anatseka mazenera onse dzuwa lili paliwombo, tonse n'kuyamba kuchucha thukuta.

"Mayesowa si amtundu umodzi, mayi," anatero mphunzitsiyo. "Alipo a ofuna kukaphunzira sukulu yaukachenjede, alipo a anamwino ndi madokotala, alipo a ongofuna kuloledwa kukakhala m'dzikomo. Ena umalankhula ndi munthu maso ndi maso, ena umavala zomvera m'makutu n'kumalankhula ndi kompyuta. Ukalemba olakwika, ngakhale ukhoze bwanji, akubweza. Komanso satifiketi yake imatha mphamvu pakapita nthawi."

"Ndiye kuti Chingerezi chimasasa ngati mkaka?" ndinafunsa.

"Asekuru, chonde," anatero mdzukulu wanga. Ana a kuno agogo aamuna amawaitana choncho, mawu a Chishona ovekedwa chipewa cha kwathu.

"Ndikungofunsa. Chingerezi chimodzi chomwecho achiduladula ngati ng'ombe ya kubutchala, iyi yootcha, iyi ya msuzi, iyi ya agalu. Nanga ife tapatsidwa iti?"

Mphunzitsiyo anakonza tayi, nati mwanayo ayenera kulemba aja olankhula ndi munthu, chifukwa eni ntchito ambiri amawadziwa.

Inetu polowa ntchito ya mumgodi ndinayesedwanso. Anatiimika pamzere titavula malaya, dokotala n'kumagogoda pachifuwa ngati akusankha chivwende, n'kusuzumira m'kamwa, basi. Pansi pa nthaka tinkalankhula Chilapalapa, chilankhulo cha mumgodi chopanda mwini, ndipo mzungu naye ankachitolera kwa ife. Palibe anamufunsapo satifiketi. Ndinawauza zimenezi, koma palibe anatembenuka.

Tsono vuto linabadwa apa. Nyumba za mu Chiwaridzo n'zothithikana, ukayetsemula mnansi ndiye amapukuta mphuno. Ndipo mnansi wathu ndi mayi wina wogulitsa tomato pamsewu, amene nkhani ikalowa m'khutu lake m'mawa, masana yakwera kale kombi, minibasi ya kuno. Mwana wanga analamula kuti mdzukuluyo azikonzekera mayeso kuchipinda, chitseko chotseka, wailesi ikuimba nyimbo zauzimu mokweza, iye akunong'ona. Mwezi ndi mwezi ndinkamumva ngati mbewa m'nkhokwe, akunong'oneza khoma Chingerezi. Ndipo m'mawa uliwonse amayi ake ankamukumbutsa ngati pemphero: "Aliyense akakufunsa, iwe ulibe ulendo. Aliyense, wamva?"

Anamva. Mwana ameneyu vuto lake n'kumva.

Tsiku la mayeso ananyamula chikwama chachikulu chopanda kanthu, n'kuuza mayi wa tomato kuti akupita ku Harare kukaoda kaunjika. Zotsatira zitabwera, kulemba anakhoza, kuwerenga anakhoza, kumvetsera anakhoza. Kulankhula anagwa. Nyumba inazizira ngati mwachitika maliro oti simungalire mokweza, pakuti anansi angafunse amene wafa.

Nkhani yonse ndinaimva pakhonde, iye akundiwenga zikhadabo za kumapazi. Msana wanga mgodi unaudya, sindiweramanso, ndiye ntchito imeneyi inali yake.

"Anakuyesa ndani?" ndinafunsa.

"Mayi wina wachikulire wa magalasi. Wakuda ngati ife."

"Anafunsa zotani?"

"Anayamba ndi kumene ndimakhala. Ndinati ku Bindura."

"Basi?"

"Nanga mumafuna ndiwalozere nyumba? Kenako anafunsa zomwe ndikufuna kudzachita m'tsogolo, ngati ndimaganizako zokagwira ntchito kunja."

"Iwe n'kuti chiyani?"

"Ndinati ayi, ndilibe maganizo otero."

Ndinabweza phazi kuti angandidule chala. "Iwe, unakwera kombi mpaka ku Harare, kukalemba mayeso a anthu opita kunja, n'kukauza woyesa kuti ulibe ulendo?"

"Asekuru, nkhope ya mayi aja ndinkaona ngati ndinaionapo pamaliro ku Wadzanai. Simungadziwe. Anati ndikweze mawu, ndinakwezako pang'ono. Anafunsanso kuti nanga ukufuna kudzachita chiyani, ndinati zili kwa Mulungu. Ndiye tinangokhala, iwo akudikira, ine ndikuyang'ana tebulo."

Ndinaseka mpaka chifuwa cha mumgodi chinadzuka. Iye sanaseke. Anatolera zikhadabo zija, poti nazonso kwathu sitisiya poyera, n'kulowa m'nyumba.

Mkamwini wanga, bambo ake a mwanayo, ndi dalaivala wa kombi, munthu wa mawu ochepa. Anati mwanayo alembanso kamodzi kokha. Akagwanso, malo aja atayike, apite ku Matepatepa kukathandiza azakhali ake kusankha fodya. Mphunzitsi wa tayi anaitanidwanso, mazenera n'kutsekedwanso, ndipo mwana wanga anali atapeza nzeru.

"Alembe aja a kompyuta," anatero. "Kompyuta ilibe achibale. Siipita kumaliro."

"N'zotheka, mayi," anatero mphunzitsiyo. "Koma kompyuta siimva zonong'ona, ndipo ukakhala chete imangopita ku funso lina. Siidikira munthu. Komanso imajambula mawu onse n'kuwatumiza kunja."

"Akawamve ndani?" anafunsa mwana wanga.

"Sitidziwa."

Mwana wanga anagwira kukamwa. Chinsinsi chake chikakwere ndege mwini wake asanakwere, chikamvedwe ndi anthu osawadziwa n'komwe. Anati bola mayi wa magalasi. Kenako anatembenukira kwa mdzukulu uja n'kumuuza kuti ulendo uno alankhule zambiri, koma asaulule kanthu. Mwamva nzeru zake? Usambe koma usanyowe.

Apa ndinaona kuti mwanayo apita ku fodya. Chingerezi anali nacho chodzaza m'mimba, koma pakamwa panali loko, ndipo kiyi anali m'thumba la amayi ake. Munthu sangatsegule pakamwa ku Harare atatseka miyezi yonse ku Chiwaridzo. Ndiye m'mawa wina ndinatenga ndodo yanga, n'kupita pang'onopang'ono kukagula tomato yemwe sindinkamufuna.

"Mayi," ndinatero motsitsa mawu, "ndikuuzeni kanthu, koma musauze munthu."

Nditamuuza za ulendowo, sindinawononge mpweya wina. Pofika masana, mahwindi, anyamata oitanira anthu m'makombi aja, ankakuwira mdzukulu wanga m'Chingerezi chawo cha zigamba kuti akwere kombi ya ku Mangalande. Amayi a pamjigo ankamufunsa tsiku lonyamuka. Mnzanga wakale wa kumzikiti, amene ali ndi kagolosale pakona, anamuimitsa n'kumufunsa ngati kumeneko kumazizira zoona mpaka madzi kusanduka mwala. Aliyense ankafuna kumuonetsa kuti naye Chingerezi anachinunkhizako. Mwanayo poyamba ankakana, kenako ankangothamanga.

Mwana wanga anabwera pakhonde maso ali gwa.

"Ababa, mwatipha."

"Ndapha ndani? Onse ndikukuonani."

"Mwana akatupa mwendo mudzayankha ndinu."

"Mwananga, ufiti ukanakhala wotseka njira, bwenzi theka la Chiwaridzo lili muno. Lili kuti? Lili ku Joni ndi ku Mangalande, ndipo afiti omwewo ndi amene amalandira katundu pa Khirisimasi."

Kuyambira tsiku limenelo tiyi wanga ankabwera wopanda shuga. Ndinkamwa. Ndamwapo zowawa kuposa zimenezo.

Loko uja anathyokera pamjigo. Ine ndinali pabenchi pafupi, ndikuothera dzuwa, mdzukulu wanga ali pamzere ndi ndowa. Mayi wa tomato, amene anali atamvanso zoti mayeso oyamba anagwa, analankhula m'Chishona mokweza kuti onse amve. Anati n'zosadabwitsa, ana a mabhurandaya Chingerezi angachidziwire kuti, akhale pansi azikolopa. Mabhurandaya ndi dzina lomwe a kuno amatinyoza nalo ife ochokera ku Malawi, ngakhale tinabadwira pompano.

Mdzukulu wanga anaika ndowa pansi bwinobwino. Kenako anatsegula pakamwa. Sanayankhe m'Chishona kapena m'Chichewa. Chinatuluka Chingerezi, chokweza, chosapumira, ngati madzi a mumgodi akaboola khoma. Ine ndinamvako theka, koma theka limenelo linandikwana. Anamuuza kumene akupita, ntchito yomwe akukagwira, chifukwa chomwe anaisankhira, zomwe akufuna kudzaphunzira akakafika, nyumba yomwe adzamangire makolo ake. Anamalizira ndi maganizo ake pa tomato wa mayiyo, amene wabwino amakhala pamwamba, woola pansi. Mjigo unasiya kulira. Mayi wa tomato anayamba kukonza mpango wake womwe unali wokonzeka kale.

Mwanayo akudutsa pabenchi ndi ndowa pamutu, mkwiyo usanathe, ndinamukodola.

"Ukawauze mayi a magalasi zomwezo," ndinatero. "Uchotsepo za tomato zokha."

"Musandilankhule, Asekuru."

"Waona? Ngakhale zimenezi wazinena momveka."

Ulendo wachiwiri sananyamule chikwama cha kaunjika. Msewu wonse unkadziwa kumene akupita, ndipo hwindi wina anamusungira mpando wakutsogolo. Woyesa anali wina, bambo wa dazi, ndipo akuti atafunsa za m'tsogolo anachita kukweza dzanja kuti mwanayo aime, nthawi yatha. Anakhoza. Mwendo sunatupe, pasipoti sinasowe. Mphunzitsi wa tayi mpaka lero amauza anthu m'galaja muja kuti ndi ntchito ya manja ake.

Koma tsiku lonyamuka ndi limene ndinadziwa chomwe makolo athu ankabisira ulendo. Anthu anadzaza pabwalo ngati pali ukwati, ndipo aliyense anabwera ndi pempho lake. Uyu akufuna foni, uyu nsapato za mwana ndipo wabweretsa kachingwe koyezera phazi, uyu akuti akamufunire mzungu wamasiye. Mayi wa tomato anabwera ndi tomato wabwino yekhayekha, n'kupempha jekete. Afiti ake ndi amenewa. Satupitsa mwendo, amatupitsa chikwama chobwerera. Mwana wanga anandiyang'ana pakati pa khamulo, ine n'kuyang'ana kumwamba ngati ndikuona mitambo ya mvula.

Masiku ano mdzukuluyo amaimba foni Lamlungu masana, ndipo ndimaigwirira kutali ndi khutu, chifukwa kunong'ona anaiwaliratu. Ndinamufunsa ngati Chingerezi cha satifiketi chija chikugwira ntchito.

"Asekuru, agogo amene ndimawasamalirawo ndi ogontha," anatero. "Timalankhulana ndi manja."

Mayeso a ophunzira, a anamwino, a kompyuta, a mayi wa magalasi, onsewo kuti mwana akakodole nkhalamba yosamva. Akuti amaiwenganso zikhadabo, ndipo imagona tulo iye akuwenga.

Zanga zakula mpaka zikuboola masokosi. Dzulo ndinapempha mwana wanga kuti andithandize. Anandiikira tiyi patebulo, n'kunena kuti ndikapemphe mayi wa tomato, popeza ndi amene ndimauzana naye zakukhosi.