Boti M'chigafa

A Jeremiya Mphepo sanali mlimi. Anali msodzi wa ku Nkhotakota amene anakalambira m'fodya ku Wimbe, ku Kasungu.

Anabwera pa lole ya matenanti, iwo ndi akazi awo a Lefina, mwana wawo Duncan ali kumbuyo. Chinawachotsa kunyanja ndi injini. Ya boti lawo inafa, amakaniko anaikana, ndipo boti lopanda injini silifika kumene kuli utaka. Anati alime fodya chaka chimodzi, agule ina, abwerere. Botilo anasiyira mng'ono wawo Benjamin kuti azipalasa ndi nkhafi m'mphepete, azilimata phula.

Chaka chimodzicho chinabala zaka. Mwina matalala, mwina mitengo yoipa ku okushoni, mwina matenda. Duncan anasiya kuyamwa, anayenda, anamera ndevu, ali pa esiteti pomwepo. Nyanja ankangoimva. Zimene ankadziwa ndi zimene bambo ake anamuphunzitsa: kusoka fodya, kumanga chigafa chosadontha, ndi lamulo limodzi, lakuti chinthu chamtengo wake sichigona pansi ndipo sichinyowa.

A Jeremiya ankagwira ntchito osadandaula. Koma akakhala pansi nkhani yawo inali imodzi, ya injini. Anzawo anawatcha a Hosipawa.

Benjamin anamwalira nthawi yothyola fodya. Tenanti sakhalitsa pamaliro mwezi umenewo. A Jeremiya anaika mng'ono wawo m'manda, m'mawa mwake n'kukwera basi. Anasiya Duncan kuti atsale masabata angapo.

"Uone za botilo," anatero.

Duncan atabwerera anati, "Ndalisunga bwino, abambo. Palibe angalikhudze."

A Jeremiya sanafunse zambiri. Fodya anali kupsa m'munda.

Patapita zaka ziwiri fodya anachita bwino, mitengo nayonso inachita bwino. Atalandira zawo, bambo ndi mwana anakwera minibasi ya ku Lilongwe. M'sitolo munali injini zopachikidwa pamzere. Duncan anathamangira yaikulu, ya mahosipawa makumi anayi.

"Iyi, abambo! Tadikira zaka zonsezi kuti tigule kakang'ono?"

"Ungamange thirakitala kungolo yokalamba?"

"Ikhoza kuthamanga."

"Ikhoza kuthamanga yokha, ngolo itatsala m'mbuyo zidutswazidutswa. Boti lija ndi lamsinkhu wanga. Likufuna injini yoti lizigwirizana nayo."

A Jeremiya anaima pa ya mahosipawa khumi ndi asanu. Zinalipo ziwiri, ina ya mwendo waufupi, ina wautali. Anaika chigongono pamwamba pa mwendo n'kutambasula mkono. Thabwa lakumbuyo kwa boti lawo, pomwe injini imakolekedwa, ankalidziwa ndi mkono umenewo. Anasankha yautali. Wogulitsa anawaonetsanso yakale yotsika mtengo. Anaikana.

"Zofa kale ndathana nazo," anatero.

Ku Wimbe anadzaza madzi mumgolo, n'kukoleka injini m'mphepete mwake, n'kukoka chingwe. Inalira. Matenanti anasiya ntchito kudzaonera, ana akukuwa madzi akamathovoka. A Lefina anaphimba pakamwa ndi chitenje.

"Bambo a Duncan, mwasekatu. Mano aja alipo ndithu?"

"Longedzani katundu, mayi a Duncan. Ndikakaliyesa pamadzi ndidzakutengani."

Anafika ku Nkhotakota dzuwa lili paliwombo, injini itakulungidwa m'chiguduli. A Jeremiya analunjika kumabango kumene Benjamin ankaimika boti. Duncan anawakoka malaya.

"Si kumeneko, abambo. Kuno kumtunda."

Kuseri kwa nyumba ya malemu kunali chigafa. Chigafa cha Kasungu chenicheni, mizati yowongoka, udzu wofolera bwino. Mkati mwake, pamwamba pa mitanda, munali boti.

"Ndinalipeza m'mabango, madzi ali m'kati mpaka m'mawondo," anatero Duncan. "Likanawola. Ndinaitana anyamata tinalikoka. Anthu akuno ankati libwerere m'madzi, koma ndinawadziwa, ankafuna azikwera ulere. Taonani, ngakhale dontho la mvula."

A Jeremiya anazungulira boti pang'onopang'ono. Boti la matabwa limakhala ndi moyo ndi madzi. Matabwa akamwa amafufuma, n'kugwirana. Awa anali atauma zaka ziwiri ngati fodya wa pamikangala. Anali atapindika n'kutayana, phula litagwa. Pakati pa thabwa ndi thabwa pankalowa chala. Chiswe chinakwera ndi mizati n'kumaliza zotsala. Anakanikiza chala chachikulu pathabwa lakumbuyo lija. Chinalowa ngati m'mbatata yophika.

Duncan anali kuyang'ana nkhope ya bambo ake. Kumwetulira kunamuthera.

"Abambo, ndalakwa?"

Mkuluyo anayang'ana denga nthawi yaitali. Mfundo za luzi zinali zawo zomwe, mamangidwe awo omwe.

"Chigafa wamanga bwino," anatero. "Ndinakuphunzitsa ndine. Za boti sindinakuuzepo kanthu. Ndinkangokamba za injini."

Mmisiri wa maboti anabwera, anagogoda apa ndi apo, anati palibe thabwa lopulumuka. Asodzi awiri anafuna kugula injiniyo tsiku lomwelo. A Jeremiya anakana. Anati injini ilipo, chatsala ndi boti, ndipo boti ndi chaka chimodzi cha fodya.

Anabwerera ku Wimbe. A Lefina anamasula mitolo imene anamanga, osafunsa kawiri. Mwezi wofesa utafika a Jeremiya anali kunazale ndi khasu, Duncan pambali pawo. Mnyamatayo ankagwira ntchito ya anthu awiri. Za chigafa chija sanakambiranenso.

Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankadzaza mgolo n'kuliza injini pang'ono kuti isachite dzimbiri. Poyamba ana ankabwera kudzaonera. Kenaka anazolowera.

Chaka chimenecho kunagwa matalala. Chotsatira chake chifuwa chinawagwira a Jeremiya. Anamwalira nthawi yothyola fodya, ndipo anaikidwa ku Wimbe konko, chifukwa ulendo wa kunyanja mwezi umenewo palibe akanautha.

Injini ili ndi Duncan. Anaikulunga m'pulasitiki n'kuipachika pamtanda m'nyumba, posafika chinyezi. Madzi amene inalawapo ndi a mumgolo okha.