Sing'anga wa Masamba a Mandimu

Dzulo ndinkafikisa masamba a mandimu kuti ndiponye mu tiyi, ndipo fungo lake linandibweza ku Nkhata Bay, kuseri kwa nyumba yathu kumtunda kwa doko. Zinali zaka zija munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani.

Ana tinali ndi sewero lathu. Mmodzi ankamangidwa kansanza kumaso n'kukhala wakhungu, wina ankakhala mfiti yomulodza, ine n'kukhala sing'anga wochokera ku ufumu wa pansi pa nyanja. Ndinkasinja masamba a mandimu pamwala, n'kumupaka wakhunguyo pazikope uku ndikunena mawu amatsenga opeka tokha. Kansanza kakamasulidwa, ankadumpha kuti akuona.

Msuweni wanga wamkazi, amene chikuku chinamuchititsa khungu ali wamng'ono, ankangokhala pakhonde kusenda chinangwa cha kondowole, akumvetsera. Tsiku lina anaika mpeni pansi.

"Lero wakhungu ndikhala ine," anatero. "Kansanzako ayi."

Panalibe lamulo la sewero lomuletsa. Anagwada pafumbi ndipo ndinamupaka mankhwala aja. Zikope zake zinali zofunda, zikunjenjemera pansi pa zala zanga. Ndinanena mawu onse, osadumpha ngakhale limodzi.

"Tsegula maso."

Anatsegula. Anali otuwa ngati kale. Anatembenuzira nkhope kudoko, kumene sitima inali kulira, n'kukhala choncho kanthawi ndithu.

"Ukuona chiyani?" anafunsa mnzathu amene anali mfiti.

"Tadikirani kaye," anayankha msuweni wanga. "Mwina mankhwalawa amachedwa kugwira."